Mafuta m'madzi a supageti? Ayi, asiyeni m'botolo kaye

Funso ili limabwerabwera ndithu, makamaka kwa anthu amene angoyamba kudziphikira okha, ana a pa Chanco amene akukhala ku Chikanda, anyamata ongoyamba ntchito amene apeza kachipinda ku Matawale kapena ku Chinamwali, olo amayi akuluakulu oti nsima amaphika atatsinzina koma supageti amamugwira pa Khirisimasi pokha. Kodi m'madzi owiritsira supageti kapena makaroni tizithiramo mafuta kuti asamatane? Ine yankho langa ndi ayi. Mafutawo asiyeni m'botolo kaye, ntchito yake ikubwera kutsogoloku, koma m'madzimo sachita zimene anthu amaganiza, ndipo ndi mmene mafuta ophikira akudulira masiku ano, kuthira masupuni awiri m'madzi oti mukawataya kuseri kwa nyumba ndi kungoseweretsa ndalama basi.

Chizolowezichi ndikuona ngati chinachokera ku mpunga. Pophika mpunga timathira timafuta, madzi amaphwera mu poto momwemo, mafuta alibe kothawira nde amatsala pampungapo, umatuluka wowala woyoyoka bwinobwino. Munthu amangotenga nzeru yomweyo nkupita nayo kwa supageti. Koma pajatu supageti amawira m'madzi ambiri oti pamapeto timawatsanula, mafuta nkupita nawo limodzi.

Tsiku lina mukamaphika mudzangosuzumira mu poto musanatakase. Mafuta amene mwathira aja mudzawaona ali pamwamba, timaso timaso tachikasu tikuthamangira m'mbali mwa poto madzi akamabwata, tina nkugwirana kupanga chidiso chachikulu kenako nkumwazikanso. Sapita pansi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi pomwe lita ya mafuta ophikira imalemera pafupifupi magalamu 920, ndiye amayandama, komanso madzi ndi mafuta sasakanikirana olo mutakase mpaka mkono utope. Supageti wanu nthawi imeneyo ali pansi pamadzi. Kumatana kukuchitika pansipo, mafuta ali pamwamba, akumana nthawi yanji?

Chimene chimamatanitsa supageti ndi sitachi, uja wopezeka mu ufa amene amakhuthalitsa phala. Akangolowa m'madzi otentha, sitachi wa kunja kwa timizere tija amamwa madzi nkufufuma nkukhala womata, ndipo izi zimachitika mu mphindi imodzi kapena ziwiri zoyambirira. Ngati timizere tagona pamodzi osasunthidwa nthawi imeneyi, timagwirana nkupsa tili chigwiranire, nde mukapeza chimtolo cholimba mkati chosapsa bwino. Ikadutsa nthawi imeneyi sitachi uja amakhala wasungunukira m'madzi, nchifukwa chake madzi amasanduka oyererako, ndipo vuto limachepa lokha. Mankhwala ake ndi mthiko, osati botolo la mafuta.

Ena amanena kuti mafuta amawononga chakudya chonse chifukwa potsanula amapaka supageti nkumutereretsa moti msuzi sugwira. Zoona zilipo pamenepo, makamaka ngati mwathira ambiri, koma tisakokomeze, supuni imodzi m'malita 5 a madzi siingaononge chakudya mpaka anthu kuchikana. Vuto lalikulu ndi lakuti palibe chimene mwapindula. Tiyeni tione kaphikidwe kake kuyambira kugolosale.

Pogula, tembenuzani paketi

Werengani kumbuyo pamene alemba zimene apangira. Mukaona mawu akuti durum wheat kapena semolina, tengani ameneyo ngati thumba likulola. Durum ndi tirigu wolimba wa mapuloteni ambiri, supageti wake amagwira thupi olo apitirire pang'ono pamoto. Ku Italy kwenikweniko anachita kukhazikitsa lamulo mu 1967 loti pasita (dzina la supageti, makaroni ndi anzawo) wouma wogulitsidwa m'dzikomo azipangidwa ndi tirigu ameneyu. Wotchipa kwambiri uja nthawi zina amakhala wa ufa wa tirigu wofewa ngati wa buledi, amatulutsa sitachi wambiri ndipo sachedwa kusanduka phala, anthu nkumaloza chala madzi kuti mwina sitinathire mafuta. Akhoza kuphikika ndithu, kungoti amafuna madzi ochulukirako ndi diso, osamusiya nkupita kukacheza kwa aneba.

Kuchuluka kwake, a ku Italy amawerengera magalamu 80 mpaka 100 pa munthu mmodzi, ndiye paketi ya magalamu 500 amati ndi ya anthu 5 kapena 6. Kwathu kuno poti timadya supageti ngati chakudya chenicheni osati kongotsegulira m'mimba, werengerani anthu 4, ndipo ngati ali achimwene ochokera kumpira pa ground, atatu basi, musadzinamize.

Yambani ndi msuzi

Apa ndi pamene ambiri zimawasokonekera, ndipo nkhani yonse ya mafuta imachokera pomwepa. Munthu ali ndi mbaula imodzi kapena hotplate ya diso limodzi, amayamba kuwiritsa supageti, kutsanula, kumuika pambali mu beseni, kenako nkuyamba kusenda anyezi. Pofika nthawi yoti tomato wapsa, supageti uja wazizira nkugwirana kukhala chinthu chimodzi choti muchite kudula ndi mpeni. Ulendo wina nde amati ndithiremo mafuta m'madzi. Ayi asisi, ingotembenuzani ndondomeko. Msuzi ukhoza kudikira supageti mpaka ola lathunthu osadandaula, koma supageti sadikira msuzi.

Ndiye mafuta anu aja thirani apa, mu poto wa msuzi kapena pa chiwaya. Masupuni atatu kapena anayi pa paketi imodzi. Kazingani anyezi pamoto wosakalipa mpaka afewe, adyo pang'ono ngati alipo, kenako tomato wakupsa kwambiri, uja wofewa amene amayi a mumsika wa Zomba kapena ku Mpondabwino amagulitsa motsika mtengo madzulo ndi amene ali bho pa ntchito imeneyi, musalimbane ndi wolimba wokongola uja. Musiyeni aphwere mpaka muone mafuta akulekana ndi tomato m'mbalimbali, ofiira. Nyama yogaya, soya pisi wonyika kale m'madzi otentha, soseji, mazira owiritsa, chimene muli nacho. Matemba a ku Chilwa kapena usipa wochotsa mitu, mukakazinga kaye nkunyenya mu tomato, umakoma modabwitsa ndi supageti, ndipo musachite manyazi ngati mwalakwira azungu, kumwera kwa Italy nakonso amaphikira pasita tinsomba ting'onoting'ono ta mchere. Kambuzi mmodzi wosadula ngati m'nyumba mulibe ana. Mukatha phulani, vundikirani, ikani pambali.

Poto ndi madzi

Tengani poto wamkulu kuposa onse amene muli nawo. Muyeso umene ophika a ku Italy amakonda kutchula ndi wosavuta kukumbukira: lita imodzi ya madzi, magalamu 10 a mchere, magalamu 100 a pasita. Paketi yonse ndiye kuti malita 5. Ndikudziwa kuti ambiri poto wa malita 5 mulibe, komanso kuwiritsa madzi ochuluka chonchi pa makala a masiku ano ndi nkhani ina. Musade nkhawa, malita 3 amakwana pa paketi imodzi. Harold McGee, mkulu wina wa ku America wolemba za sayansi ya zakudya, analemba mu nyuzipepala ya New York Times mu 2009 kuti pasita amapsa bwino m'madzi ochepa kuposa amene mabuku amanena, bola uzitakasa pafupipafupi. Madzi akachepa sitachi amachuluka m'madzimo, nde ntchito ya mkono imachulukanso, ndi kusinthanitsa basi. Chimene sindingalole ndi kukanikiza paketi yonse mu kasefuliya kophikira tiyi. Ngati poto ndi wamng'ono phikani theka, muphule, kenako theka linalo m'madzi omwewo.

Musadzaze mpaka kukamwa, siyani malo ngati zala zinayi kuchokera pamwamba chifukwa thovu likubwera.

Vundikirani kuti madzi awire msanga, ndipo awire zenizeni, abwate mpaka chivundikiro chizigwedera, osati timathovu ting'onoting'ono tija timaoneka pansi pa poto madzi akangoyamba kutentha. Pa mbaula onetsetsani kuti makala ayaka onse ndipo alipo okwanira kukufikitsani kumapeto, chifukwa mukathira supageti madzi amazizirako kaye, ndiye moto ukakhala wofooka amatenga nthawi kuti abwatenso, supageti nkungokhala chigonere pansi akumatana. Ngati muli ndi ketulo ya magetsi wiritsirani momwemo nkukhuthulira mu poto, zimafulumira.

Pali kanthu kena ka kuno ku Zomba koti muzikadziwa. Nthawi imene amalemba papaketi, kaya mphindi 8, kaya 10, amawerengera madzi owira pa madigiri 100, zimene zimachitika kumalo otsika ofanana ndi nyanja ya mchere. Malo akamakwera madzi amawira asanafike pamenepo, amatsika pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Tauni yathuyi ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 900, nde madzi athu amawira cha pa madigiri 97, ndipo mukakwera kuphiri, cha Ku Chawe mpaka kunsonga zimene zimapitirira mamita 2,000, amawira cha pa 95 kutsika mpaka 93. Si kusiyana koopsa ayi, koma nkokwanira kuti supageti achedwepo mphindi imodzi kapena ziwiri. Ndiye nambala ya papaketi izingokuuzani nthawi yoyambira kulawa.

Mchere, uwu nde musaumire

Madzi akabwata thirani mchere. Pa lita imodzi timasupuni tiwiri ta tiyi tosadzadza kwambiri, pa malita 5 ndi masupuni akuluakulu atatu. Zimaoneka zambiri ndipo amayi akakuonani akhoza kukuwa, koma mchere wambiriwo umapita ndi madzi, supageti amangomwako pang'ono. Iyi ndi nthawi yokhayo imene mchere ungalowe mkati mwake. Mukaiwala apa, olo msuzi ukome bwanji, mudzamva kuti chinachake chikusowa. Ngati m'nyumba muli odwala BP kapena msuzi wanu muli kale ma cube ndi nsomba za mchere, chepetsani mpaka theka. Zoti mchere umapangitsa madzi kuwira msanga kapena kutentha kwambiri zisiyeni, pa muyeso umenewu kusintha kwake sikufika olo theka la digiri, timathira kuti chakudya chikome basi.

Mphindi ziwiri zimene zili ndi nkhani yonse

Gwirani supageti yense m'dzanja, muimike pakati pa poto, mupotoze pang'ono nkumusiya, amwazike yekha kuzungulira poto. Theka likhala kunja kwa madzi, musachite phuma, pakangotha timasekondi 30 kapena kuposerapo pang'ono kumunsi kumayamba kufewa, nde muzikanikiza pang'onopang'ono ndi mthiko mpaka yense amire. Zothyola pakati a ku Italy amadana nazo kwambiri, ine ndimati ngati poto wanu ndi wamfupi kapena mukuphikira ana thyolani, kukoma sikusintha. Kungoti musachite kumunyenya tizidutswa ngati machesi.

Akangomira takasani, ndipo mutakase mofika pansi, mthiko uzikhudza pansi pa poto nkunyamula timizere kuti tilekane. Foloko yaitali imathandizanso. Musachoke pamenepo kwa mphindi ziwiri, foni ikaitana iitane. Muziona timizere tikuyamba kuvina tokha ndi madzi, palibe kamene kagwira kanzake, madzi ayamba kuyera. Mukaona kamtolo kogwirana kumapeto kalekanitseni pompo ndi foloko kasanalimbe. Ikadutsa nthawi imeneyi mukhoza kumangotakasa kamodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Makaroni nawo chimodzimodzi, iwowa amakonda kukakamira pansi penipeni, makamaka mu mapoto opyapyala a aluminiyamu aja pa mbaula yotentha kwambiri.

Yambani kuwerenga nthawi madzi akabwatanso, ndipo chivundikiro chotsani kapena chisiyeni chopendekera.

Thovu likakwera

Apa ndiyenera kunena chilungamo, pali ntchito imodzi imene mafuta amagwiradi m'madzi. Sitachi amapangitsa thovu kukhala lolimba losaphulika msanga, limaunjikana nkukwera mpaka kusefukira, pa hotplate nkumva tswee ndi fungo lopserera, pa mbaula nkuzimitsa makala phulusa nkuuluka kulowa mu msuzi. Kadontho ka mafuta kamaswa thovulo, zimenezi nzoona. Ndiye ngati poto wanu ndi wamng'ono ndipo palibe kuchitira mwina, kasupuni ka tiyi kamodzi thirani, sindikutsutsani. Kungoti dziwani chimene mukuthirira, ndi cha thovu osati cha kumatana, kutakasa kuli pomwepo.

Koma njira zaulere zilipo. Chotsani chivundikiro. Chepetsani moto pang'ono kuti madzi azibwata mosakalipa, pa gasi ndi kungopotoza, pa mbaula tsekani kachitseko ka mphepo kapena chotsani makala awiri atatu ndi chopanira. Hotplate ya koyilo imachedwa kumva, mukachepetsa imatenthabe kwa kanthawi, nde ingonyamulani poto kapena musunthireni pambali thovu litsike. Kugoneka mthiko pakamwa pa poto kumathandiza pang'ono, thovu likaukhudza limaphulika, koma ukatentha nkunyowa umasiya kugwira ntchito, musaudalire nkutuluka panja.

Kulawa

Kutatsala mphindi ziwiri kuti nthawi ya papaketi ikwane, vuulani kamzere kamodzi, uzirani, lumani pakati nkuyang'ana polumapo. Mukaona kadontho koyera pakati ngati choko, sanapse. Dikirani mphindi imodzi mulawenso. Kadontho kaja kakangotsala pang'ono kuzimiririka, kamzere nkukhala kofewa koma kolimbirako pang'ono m'mano, phulani. A ku Italy amakonda pamenepa ndipo amati al dente. Ife ambiri timakonda wofewerapo, palibe mlandu, agogo opanda mano musawavutitse ndi za ku Roma. Koma kumbukirani kuti akapitiriza kupsa mu msuzi wotentha, ndiye phulani asanafike pamene mukufunapo. Zoponya kamzere kukhoma kuti muone ngati kamata, mungodetsa khoma la alandilodi, kumata kwake sikukuuzani za mkati.

Musanatsanule, tungani kaye

Tengani kapu mutunge madzi oyera aja odzadza kapu imodzi muike pambali. Madzi amenewa ali ndi sitachi ndi mchere, ndipo ndi amene achititse kuti msuzi ugwire.

Tsanulani otsalawo pa sefa ya mabowo akuluakulu. Ngati mulibe, pendeketsani poto mutagwira chivundikiro ndi nsalu yokhuthala nkusiya kampata kakang'ono, nkhope kutali chifukwa nthunzi yake imaotcha kuposa mmene mukuganizira, ana akhale kutali. Kapena osatsanula nkomwe, ingovuulani supageti ndi mafoloko awiri kuchoka m'madzi kupita mu msuzi, tikamadzi totsatira ndi tabwino tomwe.

Musatsuke ndi madzi ozizira. Ichi ndi chizolowezi china chofala kwambiri, munthu kuthamangira pa mpopi kukasambitsa supageti mpaka azizire. Mukatero mwachotsa sitachi amene amagwira msuzi, mwachotsa mchere wina, mwaziziritsanso chakudya, nde mumapeza m'mbale supageti ali payekha woyera, msuzi wathawira pansi ngati madzi ofiira.

Bwezerani msuzi pamoto, khuthulirani supageti momwemo akadali wotentha, thirani madzi munasunga aja pang'ono, mwina kotala la kapu poyamba, nkutembenuza kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Yang'anitsitsani chimene chikuchitika. Poyamba zimaoneka zamadzimadzi ngati mwalakwitsa, kenako msuzi umayamba kukhuthala nkuwala, mafuta ofiira aja amene anali payekha m'mbali sakuonekanso, alowerera, kamzere kalikonse kavala msuzi kuyambira kumutu mpaka kumchira, mukakoka mthiko pansi pa poto pamatsala kanjira kamene kamatsekeka pang'onopang'ono. Sitachi uja ndi amene wagwirizanitsa mafuta ndi madzi. Zikauma onjezani madzi ena, zikachuluka madzi pitirizani pamoto pang'ono. Lawani mchere apa, osati kale. Ngati mukufuna kasupuni ka majarini kapena mafuta a olive kwa amene ali nawo, nthawi yake ndi ino, mutaphula.

Ndikudziwa kuti m'makomo ambiri timakonda kupakula supageti payekha, ndiwo mbale ina, aliyense azidzithirira monga timachitira masiku onse. Ngati ndi choncho, tengani chikho chimodzi chokha cha msuzi musakanize ndi supageti yense akangotsanulidwa, wotsalawo upite patebulo. Chikho chimodzicho nchokwanira kuti asamatane.

Pamene mafuta amafunikadi

Nthawi zina supageti amayenera kudikira, palibe kuchitira mwina. Pa chinkhoswe kapena paukwati amayi amaphika mapaketi ambirimbiri m'mapoto akuluakulu m'mamawa, anthu nkudzadya masana mwambo utatha. Kapena bambo a m'nyumba abwera mochedwa, kapena mukulongedza m'kontena kuti mwana atenge kusukulu. Apa mafuta ndi mnzanu, koma muthire mutatsanula, pa supageti weniweniyo akadali wotentha, supuni imodzi pa paketi imodzi, nkutembenuza ndi mafoloko kuti afike paliponse. Supuni imodzi imeneyi imagwira ntchito yoposa masupuni asanu othira m'madzi chifukwa yonse yatsala pachakudya. Wa pa mwambo mumuphule akadali wolimbirako ndithu, ndipo mumuyale mu thireyi kapena beseni lalikulu kuti nthunzi ituluke, mukamuunjika wotentha mu ndowa nkuvundikira wapansi amapitiriza kupsa mpaka kuphwanyika. Nthawi yopakula ikakwana mumuviike m'madzi owira kwa theka la mphindi kapena mumutenthetse mu msuzi.

Makaroni a saladi, aja timasakaniza ndi mayonezi, karoti ndi nsawawa, ndi okhawo amene ndimati tsukani ndi madzi ozizira, chifukwa mukufuna asiye kupsa pompo ndipo adyedwa ozizira. Madzi ake akhale aukhondo oti mungathe kumwa. Akadontha thirani timafuta pang'ono.

Palinso kaphikidwe kena kamene ana asukulu ndi mabachela amakadziwa bwino, ka poto mmodzi. Mumakazinga anyezi ndi tomato m'mafuta, nkuthyolera supageti momwemo, kuthira madzi otentha ongomumiza, nkumatakasa mpaka madzi aphwere, akachepa asanapse mumaonjezera pang'onopang'ono. Apa palibe chotsanula, ndiye mafuta sapita kulikonse, ndipo sitachi yense amatsala nkukhuthalitsa msuzi. Njira imeneyi ilibe vuto, imapulumutsa makala ndi madzi komanso mapoto otsuka. Mchere wokha chepetsani kwambiri, muthire ngati wa ndiwo wamba chifukwa wonse mudya, ndipo musatalikire chifukwa kumapeto amapserera msanga.

Magetsi akathima muli pakati

Zimachitika, mwangothira supageti, mwatakasa, kenako phethi. Musathamange kukayatsa mbaula. Ngati madzi anali atabwata ndipo supageti wawira kale mphindi ziwiri, takasani komaliza, vundikirani zolimba, musatsegulenso. Supageti safuna kuti madzi azibwata kuti apse, amangofuna akhale otentha kupitirira madigiri 80 kapena cha pamenepo, ndipo poto wovundikira bwino amasunga kutentha kumeneku kwa nthawi yokwanira. Giorgio Parisi, katswiri wa fizikisi wa ku Italy amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, anaika njira imeneyi pa Facebook mu 2022 gasi atakwera mtengo ku Ulaya, kuti anthu azizimitsa moto pakatha mphindi ziwiri nkuonjezera ngati mphindi imodzi pa nthawi ya papaketi. Ophika ena otchuka kwawoko anakwiya naye kuti akuononga chakudya cha makolo, koma pasita amapsa ndithu. Kuno poti madzi athu amayambira pa 97, mapoto athu ambiri ndi opyapyala, ndipo mu June ndi July chiperoni chikatsika kuphiri kukhitchini kumazizira, onjezerani mphindi ziwiri kapena zitatu, musiye poto pa hotplate pomwepo chifukwa imakhala ikutenthabe, kapena mumuphule nkumukulunga ndi thaulo kapena chitenje chopinda. Njira imeneyi imafuna madzi ochulukirako, madzi ochepa amazizira msanga. Mukhozanso kuchita dala pamene makala atsala ochepa kapena mayunitsi akulira.

Wotsala

Supageti wophika asakhale panja maola opitirira awiri, makamaka mu October kukatentha, chifukwa pali tizilombo tina timene timapulumuka pophika nkuswana chakudya chikamazizira pang'onopang'ono, ndipo poizoni wake satha olo mutenthetsenso. Akazizira muikeni mu kontena yotseka mu fuliji, mudye m'masiku awiri kapena atatu. Ngati fuliji mulibe kapena magetsi sakudalirika sabata imeneyo, phikani wokwanira kudya nthawi yomweyo, paketi yotsegula mungoimanga ndi mphira, wouma saonongeka msanga bola pasakhale chinyezi ndi anankafumbwe. Potenthetsa wa mu fuliji thirani masupuni awiri a madzi mu poto, vundikirani, atenthe mpaka nthunzi ituluke pakati pomwe. Kapena menyani mazira awiri atatu ndi anyezi ndi kamchere, sakanizani ndi supageti wa dzulo uja, thirani mafuta pa chiwaya, yalani nkukanikiza ndi chipande, moto wapakati, mbali imodzi ikafiira nkuuma tembenuzirani pa mbale yafulati nkubwezera mbali inayo. Dulani ngati keke, ndi tiyi wa m'mawa zimayenda.